Batire lolembedwa 12 si 12: kusankha resistor ya LED ya pa galimoto

Zikomo kwambiri amayi ndi abambo, zikomo inu achinyamata, pobwera mwaunyinji chonchi. Amene mwakhala kumbuyoko tasenderani kuno pang'ono, chifukwa ndabwera ndi tinthu ting'onoting'ono, simungatione muli patali. Patebulo pano pali batire la galimoto, pali mita yoyezera magetsi, ndipo m'dzanja langamu muli tinthu tiwiri. Aka kooneka ngati mkanda wa miyendo iwiri ndiye LED, kanyale kakang'ono ka magetsi. Aka kenaka, ka timizere tamitundumitundu pathupi, ndi resistor. Nkhani yathu yonse yagona pa tiwiriti. Tingadziwe bwanji resistor yoyenera, kuti LED yathu iziyaka bwino pa galimoto koma osapsa?

Ndiyamba ndi kuwononga imodzi dala, kuti maso anu aone okha. Iyi ndi LED yofiira, yatsopano. Ndikuigunditsa ku batire popanda china chilichonse pakati. Taonani. Mwaona? Yangoti ng'ani kamodzi, basi yazima. Chemwali, tailandirani, muiyang'ane mkatimo. Mukuona kadontho kakuda pakatipo? Tainunkhizaninso, muli kafungo ka pulasitiki yopsa. Mupatsirane mpaka ifike kumbuyo. Imeneyo yatha, sidzayakanso, ndipo sipanathe ndi sekondi yomwe.

Wina afunsa mumtima kuti, nanga babu lija timalidziwa kalekale, bwanji timangolilumikiza ku batire osaika kanthu pakati, ndipo limakhala zaka? Babu limenelo lili ndi kawaya kopyapyala mkati, ka chitsulo chotchedwa tungsten. Magetsi akamadutsa, kawayako kamatentha mpaka kuyera, ndipo kakamatentha kamawonjezera kukaniza magetsi. Ndiye kuti babu limadziletsa lokha. LED ilibe khalidwe limenelo. Ili ngati chitseko chomwe mukachikankha pang'ono sichisuntha n'komwe, koma mukangopyola mlingo wake chimatseguka chonse kamodzin'kamodzi. Ma volt akachepa siyaka. Akangofika pamlingo wake iyaka, ndipo mukawonjezera kachidutswa chabe ka volt, karenti yodutsa mkatimo imalumpha kwambiri. LED sidziwa kunena kuti ndakhuta. Imalandira zonse zomwe batire lapereka, ndipo batire la galimoto limatha kupereka ma amp mazanamazana, chifukwa ntchito yake ndi kuzungulitsa injini yonse. Ndiye pamafunika wina woima pakhomo kuti azichepetsa zolowa. Woima pakhomoyo ndi resistor.

Mawu awiri ndiwamasulire msanga kuti tiyendere limodzi. Ndikati ma volt, ganizirani mphamvu yomwe madzi akukankhira mupaipi. Ndikati karenti, yomwe timayeza mu ma amp, ganizirani kuchuluka kwa madzi omwe akudutsadi mupaipimo. Resistor ndi malo omwe paipi yafinyidwa, ndipo kufinyika kwake timakuyeza mu ma ohm. Ma ohm akachuluka, paipi yathina kwambiri, zodutsa zachepa. LED zing'onozing'ono ngati izi zimadya pang'ono zedi, choncho timawerengera mu ma milliamp. Ma milliamp 1000 ndiwo amp imodzi.

Pali manambala atatu omwe tiyenera kukhala nawo m'manja tisanagwire resistor iliyonse. Awiri oyamba ngosavuta. Yoyamba ndi ma volt omwe LED imadzitengera yokha ikamayaka, ndipo amatengera mtundu wa kuwala. Yofiira imatenga pafupifupi 2. Yachikasu ilinso chapompo. Yabuluu ndi yoyera zimatenga oposa 3 pang'ono, tinene 3.2. Musadabwe kuti ziwirizi zikufanana, yoyerayo mkati mwake ndi yabuluu imene, anangoipaka mankhwala achikasu pamwamba omwe amasandutsa kuwala kuja kukhala koyera. Nambala yachiwiri ndi karenti yomwe tikufuna idutse. LED wamba za 5 millimeter kapena 3 millimeter, opanga amaziwerengera pa ma milliamp 20. Imeneyo muitenge ngati denga, osati ngati pofikira. Pa 15 imawala bwino lomwe, ngakhale pa 10, ndipo diso lanu silingasiyanitse kwenikweni, koma moyo wa LED umatalika.

Tsopano nambala yachitatu, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa anthu ambiri, ngakhale ena odziwa ntchito, amagwera pamenepa. Pa batire ili palembedwa chiyani? Eya, 12 V. Achimwene inu mwavala malaya oyerawo, tabwerani mundigwirire mita. Waya wofiira ku positive, wakuda ku negative. Tawerengani mokweza kuti onse amve.

12.6.

Mwamva? Batire ili silinalumikizidwe ku chilichonse, langokhala patebulo, koma laposa kale 12. Mkati mwake muli zipinda 6, chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1, ndiye likadzaza limakhala pa 12.6. Mukaliyeza n'kupeza 12.0 yeniyeni, dziwani kuti latsika kwambiri, likufunika kutchaja. Koma nkhani yaikulu si imeneyi. Galimoto sinapangidwe kuti izingoima. Mukaliza injini, alternator imayamba kutchaja batire, ndipo kuti magetsi alowe m'batire, alternator iyenera kukankha moposa batirelo. Ndiye pa mawaya onse a galimoto pamakhala pakati pa 13.8 ndi 14.4. Nthawi yonse yomwe galimoto ili pamsewu, LED yanu ikukhala pa ma volt amenewo. Pa nthawi yolizayo, sitata ikamakoka, ma volt amagwa mpaka cha pa 10, koma zimenezo sizivulaza LED, imangozilala kamphindi. Chovulaza ndi cha kumwambachi. Choncho powerengera, 12 uja muiwaleni. Lembani 14.4. Ngati mungachoke pano mutaiwala zina zonse, ichi chokha musachiiwale: timawerengera injini ikulira.

Masamu ake ndi a pulayimale, kuchotsera ndi kugawa basi. Amachokera ku lamulo lomwe Georg Ohm wa ku Germany anasindikiza mu 1827, ndipo dzina loti ohm linachokera kwa iyeyo. Tiyeni tichitire pabolodi ndi LED yofiira. Tili ndi 14.4. LED yadzitengera 2. Kwatsala zingati? 12.4. Ma volt otsalawa ndiwo katundu wa resistor, iyenera kuwasenza onse. Tsopano timagawa 12.4 ndi karenti yomwe tikufuna, koma mu ma amp. Ma milliamp 20 ndi 0.02 amp. 12.4 kugawa ndi 0.02, yankho ndi 620. Ma ohm 620. Kwa amene kugawa ndi 0.02 kukukuzunguzani mutu, nayi njira yachidule: kugawa ndi 0.02 n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 50. Ma volt otsala, kuchulukitsa ndi 50. Mutha kuchita pamtima mutaima pambali pa galimoto.

Onani tsopano zomwe zimachitika kwa munthu wokhulupirira cholembedwa pa batire. Iye ati 12 kuchotsa 2, kwatsala 10, kuchulukitsa ndi 50, wapeza 500. Ayang'ana m'bokosi lake, 500 mulibe, atenga 470 poti ili pafupi. Ayesa injini ili chete, LED ikuwala bwinobwino, iye n'kumanga zonse. Mwini galimoto aliza injini, ulendo. Tsopano 12.4 kugawa ndi 470, zikutipatsa ma milliamp 26. Yapyola denga lija. Siipsa lero ngati ija ndawotcha poyamba, ayi. Imafa pang'onopang'ono, kuwala kumanka kuchepa, makamaka ngati ili m'dashibodi momwe mumatentha kale galimoto ikakhala padzuwa. Tsiku lina yazima, ndipo munthu amati LED za masiku ano n'zachabechabe, pomwe vuto linali pa nambala imodzi.

Tibwerere ku 620 wathu. Ma resistor sapangidwa pa nambala iliyonse yomwe mungaganize. Opezeka kawirikawiri amatsata mndandanda wa manambala 12 wotchedwa E12: 10, 12, 15, 18, 22, 27, 33, 39, 47, 56, 68, 82, kenako n'kumangowonjezera ziro. Ndiye pafupi ndi 620 pali 560 kumunsi ndi 680 kumtunda. Titenge iti? Nthawi zonse kwerani, musatsike. Tengani 680. Ndi imeneyo, injini ikulira mudutsa ma milliamp 18, injini ili chete pafupifupi 15 ndi theka. Konsekonse tili pansi pa denga. LED yoyera nayo: 14.4 kuchotsa 3.2 kwatsala 11.2, kuchulukitsa ndi 50, 560 ndendende. Ilipo pamndandanda, koma ine ndimaikabe 680, chifukwa sindikonda kukhazika chinthu padenga penipeni. Ndipo ndinene maganizo anga poyera: ngati LED yanu ndi yongosonyeza kuti switchi yayaka, ikani ma ohm 1000, omwe timati 1k. Ipereka ma milliamp 12, ndipo usiku siithobwa woyendetsa m'maso. Ndaonapo anthu akumata tepi pa LED ya m'dashibodi chifukwa ikuwala mopyoza. Mankhwala ake si tepi, ndi resistor yokulirapo.

Mungaizindikire bwanji 680 pakati pa zinzake? Timizere tija. Iyi ndagwirayi, kuyambira kumbali komwe timizere tayandikana ndi nsonga: wabuluu, wotuwa, wabulauni, kenako patali pang'ono wagolide. Buluu ndi 6, wotuwa ndi 8, bulauni akuti onjezani ziro mmodzi. Wagolideyo akutanthauza kuti ikhoza kuphonya ndi 5 pa 100 alionse, kumwamba kapena kumunsi. Ya 1k ndi bulauni, wakuda, wofiira. Ya 470 ndi chikasu, pepo, bulauni. Koma mitundu imanyenga, makamaka madzulo kapena resistor ikakalamba, wofiira ndi bulauni amaoneka ngati amodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani mita pa ma ohm, gwiritsani miyendo iwiriyo, muwerenge. Sizitenga nthawi.

Pali chinthu china chomwe masamu a ma ohm satiuza. Ma volt 12.4 aja resistor yawasenza, amapita kuti? Amasanduka kutentha. Resistor iliyonse ili ndi malire a kutentha komwe ingapirire, ndipo timayeza mu ma watt. Taonani ziwiri izi, zonse ndi 680, timizere tofanana, koma iyi ndi yaing'ono ngati kambewu, iyi ndi yonenepako. Yaing'onoyi ndi ya kota watt, 0.25. Yonenepayi ndi ya theka la watt. Kuwerengera kwake: ma volt otsala kuchulukitsa ndi karenti. 12.4 kuchulukitsa ndi 0.018, tipeza pafupifupi 0.22 watt. Papepala ya kota ikukwana, poti 0.22 ndi yochepera 0.25. Koma ili pakhosi penipeni, ndipo mukaikulunga ndi tepi n'kuibisa pamalo otentha opanda mpweya, idzada, timizere tidzafufutika, tepi idzasungunuka. Chizolowezi chabwino ndi kutenga yopirira kawiri kuposa zomwe mwawerengera. Apa ndiye kuti ya theka la watt.

Ndaona dzanja. Inde mayi, funsani.

Mayiwa akufunsa kuti, nanga ngati ndikufuna LED zingapo, osati imodzi, ndigule resistor imodzi yaikulu kuti itumikire zonse? Zikomo mayi, funso limeneli landifikitsa pa chinthu chomwe chinandichitikira ine ndemwe ndikuyamba kumene ntchitoyi, ndipo chimandiwawabe ndikachikumbukira, chifukwa munthu anandikhulupirira ndi galimoto yake. Anafuna kuwala pansi pa dashibodi, pomwe pamakhala mapazi. Ndinatenga LED zoyera 4, miyendo yonse ya positive ndinaimanga pamodzi, ya negative pamodzi, n'kuika resistor imodzi yonenepa kutsogolo. Ndinawerengera ndi 12, ndinati zinayi zidya ma milliamp 80, ndipo ndinaika ya ma ohm 100. Zinawala mokongola. Patapita masabata angapo anabwera, imodzi yazima. Ndisanapeze mpata woikonza, zonse zinali zitatha, ndipo zomalizazo zinafa motsatizana mofulumira.

Tiyeni tione chifukwa chake, poti manambala amafotokoza bwino kuposa ine. Injini ikulira, 11.2 kugawa ndi 100 ndi ma milliamp 112. Pa zinayi, iliyonse 28, zapyola kale. Komanso LED ziwiri, ngakhale zochokera m'paketi imodzi, sizifanana ndendende. Ina imatseguka msanga pang'ono kuposa inzake, ndiye imadya zambiri. Ikadya zambiri imatentha, ndipo LED ikatentha ma volt ake amatsika, pafupifupi 0.002 volt pa digiri iliyonse, choncho imatsegukanso kwambiri n'kumalanda gawo la zinzake. Imeneyo ndiyo imayamba kufa. Ikaduka mkati, resistor sidziwa kuti wina wachoka, imaperekabe 112 yomweyo. Zitatu zotsala zigawana, iliyonse 37. Ina ifa. Ziwiri zotsala, iliyonse 56. Mukuona chifukwa chake mapeto ake anali achangu? Choncho yankho langa mayi ndi lakuti ayi. Mukaziika moyandikana chonchi, mbali ndi mbali, iliyonse ikhale ndi resistor yakeyake.

Koma ilipo njira ina yabwino kuposa pamenepa, yoziika mondondozana ngati anthu ogwirana manja pamzere: mwendo wa negative wa yoyamba ugwire wa positive wa yachiwiri, choncho mpaka kumapeto, ndipo resistor imodzi pamzere wonsewo. Apa palibe kulandana, chifukwa karenti yodutsa mwa yoyamba ndi yomweyo idutse mwa yomaliza. Chomwe chimasintha ndi chakuti ma volt awo timawaphatikiza. Zoyera zitatu: 3.2 katatu ndi 9.6. 14.4 kuchotsa 9.6 kwatsala 4.8, kuchulukitsa ndi 50, 240. Tikwere, titenge 270. Karenti ikhala pafupifupi 18, ndipo taonani ubwino wake: LED zitatu zikuwala ndi karenti yomwe ija imodzi inkadya yokha, ndipo resistor ikungosenza 4.8, siifika ndi 0.1 watt yomwe, ya kota ikwana bwino. Mukayang'anitsitsa malamba a LED aja a 12 V omata, ambiri mupeza kuti anawagawa zitatuzitatu, gulu lililonse ndi resistor yake, ndipo pali kamzere kosonyeza podula. Ndi nzeru yomweyi.

Wina anena kuti, bwanji osaika zinayi kuti resistor ichepe ntchito? Werengani. 3.2 kanayi ndi 12.8. Batire injini ili chete lili pa 12.6. Ndiye zidzangoti zii, ngati nyali yotha mafuta, kenako mukaliza injini zidzalumpha. Ngakhale pa zitatu zija kusiyanako kumaoneka, injini ikazima karenti imatsika kuchoka pa 18 kufika pa 11. Resistor ikatsala ndi ma volt ochepa oti isenze, mphamvu yake yolamulira imachepanso. Ndiye pa galimoto ya 12 V, zoyera kapena zabuluu zisapose zitatu pamzere umodzi. Zofiira mutha kuika zinayi kapena zisanu. Mukafuna zambiri, pangani mizere ingapo, mzere uliwonse ndi resistor yake.

Bambo kumbuyoko mwati chiyani? Malole. Eya, malole akuluakulu ndi mabasi ambiri amayendera 24 V, mabatire awiri ondondozana. Njira ndi yomweyi, kungoti injini ikulira mumapeza cha pa 28, mpaka 28.8. LED yofiira: kwatsala 26.8, kuchulukitsa ndi 50, 1340, tikwere pa 1500, yomwe imalembedwa 1.5k. Koma samalani kutentha, apa kukufika pafupifupi theka la watt, ndiye mufunika resistor ya 1 watt. Amene amatenga LED yokonzedwera galimoto yaing'ono n'kukaiika pa lole, asadabwe ndi utsi.

Za miyendo ndinene mwachidule. Resistor ilibe kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo mutha kuiika ku mwendo uliwonse wa LED, zotsatira n'zimodzi. LED ndiyo ili ndi mbali. Mwendo wautali ndi positive. Ngati miyendo inadulidwa kale, papasani mkombero wa m'munsi, mupeza mbali ina yophwatalala, kumeneko ndi ku negative. Mukaitembenuza siyaka, ndipo musaisiye chomwecho nthawi yaitali, chifukwa LED zambiri zimangopirira ma volt 5 obwerera chakumbuyo.

Zimenezi zikutifikitsa pa khalidwe lina la magetsi a galimoto. Si odekha ngati a batire lili patebuloli. Muli ma mota, ma relay, koilo, zonsezi zikamazima zimalavula timikwingwirima ta ma volt, tina tobwerera chakumbuyo. Choopsa kwambiri chimachitika waya wa batire ukamasuka injini ikulira. Alternator imakhala ikukankha mwamphamvu, mwadzidzidzi posungira pachoka, ndiye ma volt amakwera kwa kanthawi kosakwana theka la sekondi. Pa galimoto yopanda chitetezo amatha kufika pafupifupi 100. Alipo amene amazula waya wa batire dala injini ikulira, ati akuyesa ngati alternator ikutchaja. Chonde lekani. Mita iyi ikuuzani zomwezo popanda kuwotcha kompyuta ya galimoto ya munthu. Kwa LED yathu, resistor yokwererako ija imathandiza kale, ndipo mukafuna kuiteteza ku zobwerera chakumbuyo, ikani diode wamba ngati 1N4007, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, pamzere womwewo. Imadzitengera pafupifupi 0.7 volt, muichotsere pamodzi ndi ya LED powerengera.

Tsopano ndikupempha mumvetsere ndi makutu onse. Resistor imateteza LED, koma siiteteza galimoto. Waya wochoka ku batire kukafika pa resistor, akakhuzika pachitsulo n'kusupuka, wapanga shoti, ndipo batire lidzathira ma amp ake onse mwa kawaya kameneko. Kamafiira ngati khala m'masekondi ochepa, pulasitiki n'kuyaka, ndipo pansi pa dashibodi pali zambiri zogwira moto. Fyuzi ndiyo imaletsa zimenezi. Muiike pafupi penipeni ndi pomwe mwatengera magetsi, osati kumapeto pafupi ndi LED, chifukwa imangoteteza waya wa kutsogolo kwake. Ya 1 amp ikwana pa ntchito ngati iyi. Polumikiza musangopota mawaya ndi zala, galimoto imagwedezeka tsiku lonse. Wotchererani, muvale malo olumikizawo ndi kachubu kofota ndi moto kaja, ndipo miyendo ya resistor isatsale pamtunda kapena kulendewera, imathyoka. Pogwira ntchito, yambani mwachotsa waya wa negative pa batire, injini itazima, ndipo mphete ndi wotchi zachitsulo muvule.

Ganiziraninso komwe mutengere magetsiwo. Ma milliamp 18 amaoneka ngati si kanthu, koma LED yoyaka usana ndi usiku imadya pafupifupi 0.4 Ah patsiku (Ah imodzi ndi amp imodzi kwa ola lathunthu), pamwezi zikupitirira 10 Ah. Batire la galimoto yaing'ono nthawi zambiri limakhala la pakati pa 40 ndi 70 Ah, ndipo pali zina zomwe zikudyako kale. Galimoto yoima nthawi yaitali mudzaipeza siikulira. Tengani pa waya yemwe amakhala ndi magetsi pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, kupatula ngati LED yake ndi yoti iziyaka galimoto itatsekedwa, ndipo pamenepo ikani resistor yaikulu ngati 2.2k kapena 4.7k.

Achinyamata ena pano ndikudziwa kuti maso anu ali pa LED zamphamvu zija, za 1 watt, zokhala pa kambale ka aluminiyamu. Zimenezo zimadya ma milliamp 350. Tayesani masamu athu: ma volt otsala 11, kugawa ndi 0.35, pafupifupi ma ohm 31, tinene 33. Kutentha kwake? 11 kuchulukitsa ndi 0.35, pafupifupi ma watt 4. Ndiye kuti mukuwotcha ma watt 4 pachabe kuti mupeze kuwala kwa watt imodzi, ndipo resistor yake singagwirike ndi chala. Pamenepo resistor yafika pamalire a ntchito yake. Pamafunika kachipangizo kotchedwa driver, komwe kamasunga karenti pamlingo umodzi kaya ma volt akwere kaya atsike. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo ndidzabwera nato tizipangizoto kuti tidzatione.

Tisanabalalike, tiyese zomwe tawerengera, chifukwa pepala si galimoto. Nayi LED ina yofiira, nayi 680 ya theka la watt, ndazilumikiza. Ndagunditsa ku batire lomwe lija linapha inzake. Yayaka, ndipo ikuyakabe. Kuti mudziwe karenti yomwe ikudutsa simufunika kudula waya. Siyani mita pa ma volt, mugwiritse mbali ziwiri za resistor. Achimwene, tawerenganinso. 10.6. Gawani 10.6 ndi 680, mupeza 0.0156, ndiwo ma milliamp 15 ndi theka aja tinanena. Tsopano ikani chala pa resistor. Yafunda pang'ono chabe, eti? Ikamakuotchani moti simungapirire kuwerenga mpaka 5, ndiye kuti ndi yaing'ono thupi, sinthani.

Ndabwera ndi LED zokwanira, zofiira ndi zoyera, ndi ma resistor osakanizasakaniza m'mbale iyi, sindinawasankhule dala. Bwerani awiriawiri. Wina atenge LED, awerengere papepala, mnzake afufuze resistor yake ndi kuitsimikiza pa mita. Mukamaliza tituluke tonse kupita pa galimoto yaima panjapo, tikayeze batire injini ili chete, kenako tikailize, aliyense aone yekha nambala ikukwera. Amayi yambani ndinu, mita iyi nayi.